Njira Imene Ndinawalozera

Kwathu kuno mlendo akafunsa njira ya kunyumba kwa wothamanga sitimuuza zoona. Palibe anakhazikitsa lamulo limeneli pamsonkhano, koma aliyense amalidziwa, kuyambira abusa mpaka zidakwa. Galimoto yoyera ikaima pamphambano pa Kaptebei, m'katimo muli anthu awiri ndi kabokosi koziziritsira, timadziwa kuti afika anthu a mabotolo, aja amayeza mkodzo ndi magazi pofuna kugwira othamanga amene amadzibaya mankhwala oonjezera mphamvu. Akakufunsa umakanda m'mutu, n'kuloza kwina. Ine Arap Tomno ndakhala ndikumata matayala pamphambano imeneyi zaka makumi awiri, ndipo chala changachi chasocheretsa magalimoto oyera ambiri. Sankandituma munthu. Ndinkangoti ndikuthandiza ana a anzanga.

Musandiyese wokonda mankhwalawo. Ndinathamangapo ine, kale ndili msilikali wa ndende, nthawi imene mphoto inali bulangete kapena wailesi. Marathoni yanga yabwino koposa ndinaimaliza pa maola awiri ndi mphindi 19, ndipo nditadutsa mzere ndinasanza mpaka ndulu. Ndimadziwa pamene thupi la munthu limalekezera. Ana atayamba kubwera ndi nthawi zodabwitsa kuchokera ku Ulaya, ndinkapsa mtima, ndinkalalata pa tiyi mpaka anthu kundithawa. Kenako ndinatopa. Ukalalatira ndani? Denga la tchalitchi chathu anakhoma ndi mnyamata amene anagwidwa chaka chotsatira, ndipo mpaka lero silidontha. Wina akagwidwa amabwerera kudzalima mbatata, ife n'kupita kukamupepesa ngati wagwa maliro. Timamwa tiyi wake, timadandaula za nsanje ya azungu, koma palibe amamufunsa ngati anachitadi. Kufunsa ndi mwano, ndiponso yankho timakhala tikulidziwa kale.

Jematia ndi mwana wanga wotsiriza, amene mayi ake anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndine ndinamuphunzitsa kuthamanga, ndikumutsatira panjinga m'misewu yafumbi. Atakula analowa m'manja mwa makochi a ku Iten, nayamba kukwera ndege. Chaka chatha anathamanga marathoni pa maola awiri ndi mphindi 18. Mudzi wonse unavina. Ine ndinavina nawo, koma m'mtima munalowa kanthu kozizira. Mwana wamkazi, woonda ngati bango, kudutsa nthawi imene ine ndinaisanzira ndulu! Sindinauze munthu. Ndinangoti basi, nayenso walowa m'khola lomwelo, ndipo ntchito yanga ngati bambo ndi kumutchingira.

Lamulo la anthu a mabotolo ndi lakuti wothamanga wamkulu aliyense alembe pa foni malo amene adzapezeke, ndi ola limodzi pa tsiku limene sadzachokapo. Akabwera n'kukusowa katatu pa chaka, amakuletsa kuthamanga zaka ziwiri, ngakhale magazi ako akhale oyera ngati madzi a pachitsime. Zimenezo ndinkazimva. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Jematia anali atasowedwa kale kawiri: koyamba atathamangira ku maliro a azakhali ake n'kuiwala kusintha pa foni, kachiwiri ndege itawagoneka panjira. Sanandiuze poopa kundidandaulitsa. Kanatsala kamodzi kokha.

Linali Lachitatu, nthawi itangopitirira 11 koloko, ola limene iye analemba chifukwa amakhala atabwerako kothamanga. Ndinali nditamiza chubu cha njinga yamoto m'beseni, ndikufuna pomwe pakutuluka mpweya, galimoto yoyera itaima. Mayi wina wovala magalasi anatsitsa zenera.

"Mzee, ntchito ikuyenda?"

"Ikukwawa, mayi."

"Tithandizeni. Tikufuna kwa Jematia Tomno. Analemba kuti tikhote pa mtengo waukulu wa bulugamu, kenako geti la buluu. Koma mtengowo sitikuuona."

Akanauona bwanji? Okonza msewu anali ataugwetsa sabata yathayo, chitsa chomwe n'kuzula. Nyumba ya Jematia ili pa munda wanga, msewu wa kumanzere, ulendo wa mphindi zisanu. Koma Lolemba lake ndinali nditamuona akutsika matatu, minibasi ya kuno, kuchokera ku Eldoret, pamkono atamata kathonje. Ndinachita ngati sindinaone, iye n'kutsitsa mkono wa juzi. Tsono mayiyo akundiyang'ana, m'maso mwanga munali kathonje kokhako.

"Jematia uti?" ndinatero. "Kuno a Jematia ali ngati nkhuku."

"Wothamanga uja, Mzee. Wa marathoni."

"Ooo, ameneyo! Tengani wa kumanjawu. Mukadutsa dibi la ng'ombe mutsike, mudzaona geti la buluu. Mugogode kwambiri, amagona ngati wafa."

Za geti sindinaname. Mageti onse a othamanga kuno amawotcherera munthu mmodzi, ndipo penti ali nayo ndi ya mtundu umodzi. La kumanjalo ndi la mnyamata wina amene amathamangira kampani ku Japan, nyumba yake imakhala yokhoma chaka chonse. Kumeneko foni siigwiranso. Mayiyo anandithokoza mwaulemu, ine n'kubwerera ku chubu changa. Masana nditapita kukadya ndinapeza Jematia atakhala pakhonde, miyendo ili m'mwamba pa mpando, akusankha nyemba. Anandiuza kuti ola lake latha, akukagona pang'ono. Ndinadya bwino tsiku limenelo.

Patatha milungu itatu anabwera ku shedi kwanga ali ndi foni m'manja. Anakhala pa tayala la thirakitala osapukuta fumbi.

"Baba, akuti ndinathawa."

"Ndani?"

"A mabotolo. Akuti anagogoda pageti langa ola lathunthu. Ine ndinali pakhonde, Baba, munandipeza nokha! Geti linali lotsekula. Ngakhale galu sanauwe."

"Ndiye vuto n'chiyani? Adzabweranso."

"Ndi kachitatu."

Anandifotokozera za maulendo awiri aja. Zaka ziwiri. Ali ndi zaka 29, ndipo miyendo siidikira munthu. Ine ndinali nditagwira pampu. Ndinapitiriza kupopa tayala limene linali litakhuta kale, chifukwa ndikanasiya ndikanayenera kumuyang'ana. Ndinachita mantha, ndinachita manyazi, ndipo za chala changa ndinazibisa.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa tsiku lisanathe. Loweruka amayi a kutchalitchi anafika kwake ali ndi zipanda za mkaka, nkhope zili zamaliro, monga timachitira. Jematia anawaimitsa pageti.

"Wamwalira ndani kuno?"

"Tabwera kudzakupepesa, mwanathu. Zimachitika."

"Zimachitika chiyani? Sindinamwe kanthu ine!"

"Eee, tikudziwa, tikudziwa," anatero amayiwo, ndi mawu aja timatonthozera mwana akamanama. Jematia anawabweza ndi mkaka wawo womwe, ndipo mudzi unati ndalama zamulowa m'mutu.

Moyang'anana ndi shedi yanga muli kanyumba ka tiyi ka Mayi Kobilo, amene palibe chimadutsa pamphambano osachiona. Lolemba anandiikira kapu patsogolo n'kukhala pansi, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Pambali panali Chelal wa njinga yamoto, akuviika mandasi mu tiyi.

"Ndinakuonani tsiku lija, Arap Tomno," anatero Kobilo. "Chala chili neng'a kumanja."

"Ndiye?"

"Ndiye munachita bwino. Kusowedwa ndi zaka ziwiri. Akanamupeza nazo m'magazi zikanakhala zinayi, ndi dzina m'nyuzi. Mwamudulira theka."

"Akuti sanamwe kanthu."

Chelal anaseka mpaka tiyi kumutuluka m'mphuno. "Mzee, inu munamuonapo amene anavomera? Uja wa kwa Kipsat anati anadya nyama ya nkhumba yobayidwa. Winayo anati ndi mankhwala a dzino. Mano a othamanga amawawa bwanji, abale!"

"Tseka pakamwa, Chelal, ukunena mwana wa munthu," anatero Kobilo. Kenako anatsitsa mawu. "Ife sitikumuweruza. Mwana anaona mmene munakalambira inu, mendulo zili m'chitini, manja ali bii ndi guluu. Ndani angamunene? Koma inu khalani chete. Mukakayankhula pa mlandu wake ku Nairobi mwavula mudzi wonse."

Ndinamwa tiyiyo ngakhale anali atazizira. Chimene chinandiwawa n'chakuti zonse ananenazo ndi zimene inenso ndinkaganiza.

Ndinapirira masiku asanu ndi anayi. Jematia sanasiye kuthamanga, koma ankathamanga yekha, anzake a gulu atayamba kumutalikira. Loya wake, mtsikana wa ku Eldoret wotchedwa Nasimiyu, ananena mosabisa kuti popanda umboni wakuti anthuwo anagogoda pa nyumba yolakwika, mlandu watha kale. Tsiku lakhumi ndinatseka shedi masana n'kutsikira kwa mwana wanga. Ndinamupeza akuchapa nsapato.

"Ndine ndinawalozera kumanja," ndinatero ndili chiimire.

Anasiya burashi. "Mwati bwanji?"

"Anaima pa ine. Ndinawatumiza ku nyumba ya wa ku Japan uja."

"Chifukwa chiyani, Baba?"

"Chizolowezi. Ukudziwa mmene timachitira kuno. Chala chinangopita chokha."

Anandikalipira monga sanandikalipirepo chibadwire. Anati ndife mudzi wa zitsiru, timabisa mbava mpaka taotcha nyumba zathu. Ndinangoweramitsa mutu. Koma pokalipapo nkhope yake inali ikuwala, chifukwa umboni unali utapezeka. Bodza langa la chizolowezi analimeza lonse, ndipo ine ndinathokoza Mulungu kuti zathera pomwepo.

Ku Nairobi tinapita atatu. Mlanduwo unali m'chipinda chapamwamba, chozizira, momwe munakhala anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Wapakati anali bambo wa imvi wolankhula pang'onopang'ono. Mayi wa magalasi uja analiponso. Atandiona anagwedeza mutu.

"Ndi omwewa," anatero. "Anandiuza kuti ndigogode kwambiri."

Ndinafotokoza zonse: mtengo wogwetsedwa, dibi la ng'ombe, penti ya buluu. Nasimiyu anaonetsa zithunzi za mageti awiriwo. Ndinkaona ngati zikuyenda, mpaka bambo wa imviyo anavula magalasi ake.

"Mzee Tomno, nyumba ya mwana wanu mumaidziwa?"

"Ili pa munda wanga."

"Ndiye simunasokonezeke."

"Ayi."

"Munadziwa kuti awa ndi oyeza?"

"Ndinadziwa."

"Tithandizeni tsono. Bambo aima pamphambano, oyeza afika, iye awasocheretsa dala. Ife tikamva zimenezo timaganiza chinthu chimodzi: mwanayo ndiye anamuika bamboyo pamenepo ngati mlonda. Zikakhala choncho si zaka ziwirinso ayi. Kumeneko ndi kusokoneza dala ntchito yoyeza, ndipo chilango chake ndi zaka zinayi. Anakutumani?"

"Sanditume. Sankadziwa n'komwe."

"Nanga munachitiranji?"

"Ndi chizolowezi cha kwathu."

"Chizolowezi chimenecho timachidziwa, chatithera mafuta ambiri. Koma munthu amabisa chimene akuganiza kuti chilipo. Ngati mulibe chifukwa chanuchanu, titsala ndi chathu chija."

Ndinayang'ana Nasimiyu, iye n'kuyang'ana mapepala. Jematia anali kumanzere kwanga, manja atawapinda pamiyendo, atavala diresi lake la kutchalitchi. Ndinaona kuti njira zatsala ziwiri, ndipo zonse zikudutsa pa mwana wanga. Ndikakhala chete, amulanda miyendo. Ndikanena zoona, adziwa zimene ndinkamuganizira.

"Ndinkakhulupirira kuti amadzibaya," ndinatero.



"Pitirizani, Mzee."

"Ndinathamangapo ine, bwana. Nthawi imene anathamanga chaka chatha sindinaimvetse. Ndiye Lolemba la sabata imeneyo ndinamuona ndi kathonje pamkono. Ndinati akamuyeza lero amugwira. Ndinafuna kumupulumutsa. Iye sanandiuzepo kanthu, ndipo akanadziwa bwenzi atandiletsa."

Nasimiyu anafufuza m'chikwama mwake natulutsa pepala la kuchipatala. Lolemba limenelo Jematia anakayezetsa magazi chifukwa ankamva chizungulire pokwera zitunda, ndipo anamupeza kuti magazi achepa. Jematia analemberanso kochi wake zimenezo tsiku lomwelo. Bambo wa imviyo anawerenga pepalalo kawiri.

"Munamufunsa za kathonjeko?"

"Ayi."

"Mwana wanu yemwe, wokhala pa munda wanu?"

"Kwathu sitifunsa, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene wamva mawu amenewa kambirimbiri ndipo atopa nawo. Kenako analemba kanthu n'kunena kuti tidzamva. Kumanzere kwanga sindinayang'aneko.

Ulendo wobwerera ndi wa maola asanu ndi awiri. Jematia anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ine kumbuyo pakati pa matumba a anthu. Pa Nakuru anandigulira chimanga chootcha n'kundipatsira pazenera. Kumudzi nkhani inali itatitsogolera. Kobilo anandipatsa tiyi osandiyang'ana kumaso, ndipo Chelal anayamba kukamatitsa matayala ake ku Iten. Zimenezo sizinandivute kwenikweni.

Kalata inabwera patatha mwezi. Anati oyeza sanafike pa nyumba yoyenera, wothamangayo analibe mlandu pa zimenezo, choncho kusowedwa kwachitatu kwafafanizidwa. Atha kuthamanga. Ndinamva kwa Nasimiyu pa foni, osati kwa mwana wanga. Ndinasamba m'manja ndi palafini n'kutsikira kwake, ndikuganiza kuti mwina lero tiseka. Ndinapeza galimoto ya ku kampu ya othamanga ili pabwalo, iye akulongedza zikwama.

"Ukupita ku mpikisano?"

"Ndikusamukira ku kampu. Ndalemba kale pa foni kuti azindipeza kumeneko. Kuli mlonda wochokera kutali ku Kisii, sandidziwa, sandikonda. Akafunsidwa amangotsekula geti."

"Jematia, mwanawe, ndinalakwa."

"Munandipulumutsa, Baba. Loya akuti mukanapanda kunena zija bwenzi nditapita." Anaika chikwama pansi. "Ndingofuna kudziwa chimodzi. Munayamba liti kuganiza zimenezo?"

"Tsiku unathamanga 2:18."

"Tsiku lomwelo?"

"Eee."

"Ndiye pabwalo la ndege paja, mukundiveka nkhata ya masamba m'khosi, mukundimwetsa mkaka wowawasa wa mursik ndi manja anu, makamera akujambula, m'mutu mwanu munali zimenezo?"

"Zinalimo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

"A mudzi muno sindiwadandaula," anatero. "Saona kanthu, amangoona galimoto ndi geti. Koma inu munkanditsatira panjinga. Munandionapo ndikukomoka pa chitunda cha kudibi. Zikhadabo za kuphazi zikuzuka munkandimanga ndinu. Makilomita mazana awiri pa sabata, Baba, zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkati ngakhale dziko lonse linene, kuli munthu mmodzi amene akudziwa."

Dalaivala wa ku kampu anali atatembenukira kumunda, akuchita ngati akuona chimanga.

"Chabwino, zapita," anatero. "Pepala la kuchipatala munaliona. Chaka chino andiyeza kakhumi ndi kawiri, osapeza kanthu. Nanga lero? Mukundikhulupirira?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Mawuwo anali pa lilime, ndipo mtima wanga wonse unkafuna kuti akhale oona. Koma ndakhala pamphambano paja zaka zambiri. Ndaona anyamata oyezedwa kambirimbiri osapezeka ndi kanthu, olumbira atagwira Baibulo pamaso pa amayi awo, n'kudzagwidwa patapita zaka zisanu. Zonsezo zinadutsa m'mutu mwanga ndisanatsekule pakamwa. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma kawiri. Koma mwana wanga ntchito yake ndi yowerenga timphindi.

"Inde," ndinatero.

"Mwachedwa, Baba."

Ananyamula chikwama chija n'kuchiika m'galimoto. Anandipatsa makiyi a nyumba, nandiuza kuti ng'ombe yamkaka ija ndiziimwetsa mankhwala a njoka mwezi ukatha, ndiponso kuti ndisaiwale mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, monga amachitira kwa akuluakulu achilendo, n'kukwera.